Madzi Amene Ndinapatsa Mzime

Lolemba, 4 Malichi

Andigoneka m'wodi ya amayi, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Nsidze zonse ziwiri zatupa. Yakumanzere ikutuluka mafinya, ndipo chikope chalemera moti diso ndikumachita kulitsegula ndi chala. Kutentha kwa thupi 38.4. Shuga 14, wakwera.

Dokotala wa khungu wadula kachidutswa pansidze n'kukatumiza ku labu. Akuti zotsatira zoyamba zituluka sabata yomwe ino, koma dzina lenileni la kachilomboko lidziwika akakameretsa, ndipo zimenezo sizifulumira.

Ndilembe chiyambi chake mutu udakali bwino. Nsidze zanga zinathothoka kalekale ndi matenda a chithokomiro. Ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale, ndipo ana amanditcha Dzira. Amaganiza kuti sindidziwa. M'mawa uliwonse ndinkazijambula ndi pensulo, pofika masana thukuta lafufuta imodzi. Mwana wanga womaliza, amene kunyumba timangomuti Mzime, ali ndi kachipinda pamwamba pa sitolo ya utoto. Amaboola makutu, amadinda zithunzi pakhungu, komanso amadinda nsidze zosafufutika ndi singano ndi inki. Mu Januwale anadinda zanga. Zinakhala bwino. Patapita masabata atatu panatuluka tiziphuphu tofiira motsatira mzere wa inki. Mankhwala a ku kiliniki, mitundu iwiri, sanaphule kanthu.

Dokotala wandifunsa kumene ndinadinditsa. Akuti lamulo limawakakamiza kudziwitsa a zaumoyo matenda akachokera m'malo otere. Ndatchula msewu ndi sitolo ya pansi pake, kenako ndawonjezera kuti mwini wake ndi mwana wanga. Anasiya kulemba n'kundiyang'ana. Ndawauza kuti alembe.

Lachiwiri, 5 Malichi

Kuno tsiku limayamba ndi ndowa. Okolopa amalowa kusanawale bwino, kenako anamwino ndi makina a BP, kenako tiyi wozizira kale. Madokotala amazungulira dzuwa litakwera.

Kumanja kwanga kuli mayi wogulitsa nsapato pamsika. Shuga wamudya phazi. Pakamwa pake sipauma. Atangomva ntchito yanga wayamba kunditcha aphunzitsi.

"Aphunzitsi, tandiwerengerani samu. Ine ndimagulitsa nsapato ziwiriziwiri. Akandidula phazili, inayo ndizipatsa ndani?"

Ndamuyankha kuti mwina adula zala zokha. Wati, "Inu mumayankha nthabwala ngati mayeso."

Bambo ake a Mzime abwera masana ndi nthochi ndi mazira owiritsa. Asanakhale n'komwe:

"Ndiye mwamuneneza mwana wanu yemwe?"

"Sindinamuneneze. Ndayankha funso."

"Kwa inu n'zosiyana zimenezo."

Ndawafotokozera kuti ngati Mzime ntchito yake amaigwira mwaukhondo, kafukufuku amuyeretsa. Singano ndinaziona ndi maso anga akuzitulutsa m'mapaketi omata. Magolovesi anasintha kawiri. Ine ndikukayikira inki. Ndawerengapo kuti inki ina imabwera ndi tizilombo kuchokera kufakitale komwe. Iwo angoti, "Chabwino, aphunzitsi," n'kuyamba kusenda dzira.

Kutentha 38.1. Andiyambitsa jakisoni wa shuga m'malo mwa mapiritsi.

Lachitatu, 6 Malichi

Mzime wabwera ndi msuzi wa nkhuku. A zaumoyo anafika kushopu kwake dzulo. Atenga inki yonse, makina, ndi mayina a anthu amene anawadinda kuyambira Disembala. Chiphaso achichotsa pakhoma. Pachitseko amata pepala lakuti malowa atsekedwa kufikira komiti yopereka ziphaso itakumana.

Chiphaso chimenecho chinamuvuta kupeza. Anakaphunzira miyezi itatu za ukhondo ndi matenda opatsirana kudzera m'magazi. Oyendera anamukaniza ulendo woyamba chifukwa mpopi wosambira m'manja unali wotsegula ndi dzanja, pomwe lamulo likuti wa chigongono. Ulendo wachiwiri anadandaula za pansi, mpaka achimwene ake anabwera kudzaika matailosi Loweruka lonse. Zonsezi ndinkangozimva kunyumba. Ine ndinkafuna akhale namwino, ndipo ndinamuuza kangapo.

Sanandidzudzule. Wayang'ana nsidze zanga chapafupi, nthawi yaitali, monga mmene mmisiri amayang'anira khoma lake likang'aluka. Wafunsa ngati zikupweteka. Ndati pang'ono. Ndamuuza maganizo anga a inki. Wangoti, "Mwina," n'kundipatsa sipuni.

Mayi wa nsapato wati, "Mwana wanu ndi wofatsa. Anatengera bambo ake eti?"

Lachinayi, 7 Malichi

Zotsatira zoyamba zatuluka. Kachilomboko ndi ka mtundu umodzi ndi ka TB, koma si TB, ndipo sikachoka kwa munthu kupita kwa mnzake. Dokotala akuti kwawo ndi m'madzi: m'mapaipi, m'matanki, paliponse pamene madzi amakhalitsa. Wandifunsa ngati ndikudziwa chimene inki anaisungunulira, chifukwa odinda nsidze amaithira madzi pang'ono kuti isade kwambiri.

Ndati ndifunsa. Sindikufunika kufunsa aliyense.

Mu Disembala, kumene Mzime amagula zipangizo kunasowa timabotolo ta madzi, tija tomata tochokera kufakitale, tophedwa tizilombo. Anadandaula tikudya madzulo. Ine ndinati nkhani yaing'ono imeneyo, ku labu ya kusukulu tili ndi makina otchezera madzi, ndipo madzi otchezedwa ndi nthunzi yokhayokha, mulibe kanthu. Iye anati kumene anaphunzira anawauza kuti azigwiritsa ntchito a m'timabotolo tomata basi, kamodzi n'kutaya. Mawu amene ndinamuyankha ndikuwakumbukira onse: "Anakuuzani choncho chifukwa m'miyezi itatu sakanatha kukufotokozerani sayansi yake. Ine zimenezi ndinayamba kuphunzitsa iwe usanabadwe."

M'mawa mwake ndinatenga botolo lagalasi lofiirira, ndinalitsuka, ndinalidzaza kuchokera m'chigubu cha mu labu, ndinamatapo kapepala ka dzanja langa, n'kukamutulira kushopu.

Nthunzi ikamatuluka m'makina imakhaladi yoyera. Koma imagwera m'chigubu cha pulasitiki chimene sitinachikhuthulepo chichibweretsereni. Timangowonjezera pamwamba. Kampopi kake amagwira ana a Fomu 1 ndi manja odyera zitumbuwa za panjira. Botolo langalo ndinalitsuka pasinki, sindinaliwiritse. Madzi amenewo ndi abwino poyesera mchere ndi asidi. Si olowetsa pansi pa khungu la munthu.

Msuzi wa dzulo ndaupereka kwa mayi wa nsapato.

Lachisanu, 8 Malichi

Asintha mankhwala. Amikasini pa diripi kamodzi patsiku, ndi mapiritsi m'mawa ndi madzulo. Akuti diripi ndi ya masabata angapo, mapiritsi miyezi. Aziyeza impso ndi makutu, chifukwa amikasini amatha kuwononga zonse ziwiri.

M'kamwa mukumveka ngati ndanyambita kiyi. Nseru.

Ndawerenga pafoni. Tizilomboti timamatirira m'kati mwa zigubu n'kupanga kandere kosaoneka, ndipo madzi otchezedwa sitiwaopa. Zalembedwa poyera, m'malo ambiri. Kuwerenga kwake kwanditengera nthawi yochepa kuposa kumwa kapu ya tiyi. Mu Disembala foni ndinali nayo yomweyi.

Ndamuimbira Mzime kawiri. Sanayankhe.

Loweruka, 9 Malichi

Bedi loyang'anizana ndi langa alowapo mtsikana wa zaka ngati za Mzime. Amagwira ntchito yolandira alendo ku hotela. Nsidze zake zili ngati zanga, koma zake zafalikira mpaka pamphumi. A zaumoyo ndi amene anamuimbira, atapeza dzina lake kushopu. Iye ankangopaka mafuta n'kumabisa ndi tsitsi.

Wandiyang'ana n'kunena kuti, "Nanunso mayi? Kwa mtsikana wa pamwamba pa sitolo ya utoto?"

Ndavomera ndi mutu.

"Ine ndinapita kumeneko dala chifukwa cha chiphaso chili pakhoma chija. Anzanga amakadinditsa kuseri kwa saluni, pampando wa pulasitiki, ali bwinobwino mpaka lero. Ine wochenjera ndi uyu ndagona apayu. Abwana andiuza kuti ndikachira andiika kochapira nsalu, alendo asamandione. Ndikadzakumana naye ameneyo adzandidziwa."

Mayi wa nsapato anatsegula pakamwa, n'kundiyang'ana, n'kutsekanso. Kwa iye imeneyo ndi ntchito yaikulu.

Sindinamuuze mtsikanayo kuti ndine ndani. Kutentha 37.6.

Lamulungu, 10 Malichi

Wodi yadzaza alendo. Kwabwera gulu loimba, laima pakati pa mabedi. Kwa mtsikana wa ku hotela kwabwera azakhali ake okha, ndipo anthu oimbawo atayandikira anadzifunditsa nsalu kumaso.

Mzime sanabwere. Bambo ake abwera ndi mpunga ndi nyemba. Ndawauza za chigubu, motsitsa mawu. Sanadabwe. Akuti Mzime anazindikira tsiku lomwe a zaumoyo anamufunsa za madzi.

"Ndiye anawauza chiyani?"

"Anati anatunga pampopi wa m'shopu."

"Limenelo ndi bodza."

"Ndi bodza, inde. Wakuphimbani."

Ndafunsa kumene kuli botolo. Akuti sakudziwa, ndipo asandinamize, sanafunse. Ponyamuka anati, "Mayi ake a Mzime, ulendo uno musathamange ndi pakamwa. Mwayankha kale funso limodzi, mwaona kumene latifikitsa."

Lolemba, 11 Malichi

Atenga magazi oyeza impso. Zili bwino.

Mayi woyendera wa ku ofesi ya zaumoyo wabwera kudzatifunsa ife odwala. Ndi munthu wachikulire, woyankhula pang'onopang'ono, wa nsapato zafulati zimene mnzanga wa kumanja wazitcha zachikale iye atangotembenuka. Anakoka katani n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

Wafunsa za singano, magolovesi, mankhwala opukutira khungu. Ndayankha zonse molondola. Kenako anati, "Madzi amene anathira mu inki munawaona kumene anachokera?"

Ndinati, "Ndinali nditagona chagada, nditatsinzina."

Zimenezo n'zoona. Ndinatsinzinadi. Wazilemba.

Ndamufunsa mmene nkhanizi zimayendera, ngati munthu wongofuna kudziwa. Wafotokoza mosabisa. Atenga madzi a pampopi wa m'shopu kukawayeza. Akapezamo kachilomboko, ndiye kuti mwini malo anaphwanya lamulo la madzi. Chilango chake nthawi zambiri ndi kuimitsidwa miyezi ingapo, kubwerera kukaphunzira, ndi kuyenderedwanso. Koma mpopi ukapezeka woyera, ndiye kuti gwero silinadziwike, kapena wina sananene zoona.

"Wolakwitsa timamuphunzitsa, mayi. Wotinamiza timamulanda chiphaso, osadzachionanso. Ife sitingagone m'shopu iliyonse. Timadalira zimene mwini wake watiuza."

Ndafunsa ngati munthu angakonze mawu amene ananena kale. Wati angathe, malinga abwere yekha komiti isanamupeze ndi umboni. Komiti ikumana Lachitatu la sabata yamawa. Wandiyang'ana pang'ono asanatsegule katani. Akudziwa kuti ndine mayi wake, zili pa pepala loyamba lija.

Kotero zinthu zili motere. Mpopi wa Mzime ndi watsopano, wa chigongono uja, ndipo ndikuyembekeza kuti upezeka woyera. Ukatero, chiphaso chapita. Ndikanena ine za botolo, ndamugwiritsa bodza, chiphaso chapitanso. Njira yatsala imodzi: akanene yekha.

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuuza ana kuti yankho loona koma losayankha funso ndimalipatsa ziro.

Lachiwiri, 12 Malichi

Khutu lakumanja likulira ngati muli nkhululu. Anditengera ku kachipinda koyezera makutu, andiveka zomvera, ndizidina batani ndikamva kulira. Mawu opyapyala ngati a likhweru sindikuwamva bwino mbali imeneyo. Achepetsa amikasini ndipo aziyeza kawiri pa sabata.

Mtsikana wa ku hotela ali pa mankhwala omwewa. Ndamuuza kuti akangomva kulira m'khutu anene msanga, asadikire. Wati, "Zikomo mayi, inu nokha ndi amene mumandifotokozera zinthu kuno."

Ndamulembera Mzime uthenga: bwera, nkhani ya botolo ndikuidziwa.

Lachitatu, 13 Malichi

Wabwera masana. Ndinaiwala kumuchenjeza za bedi la patsogolo, kapena sindinafune kukumbukira. Atangolowa, mtsikana wa ku hotela anadzuka n'kukhala tsonga.

"Ndiwe! Wabwera kudzaona ntchito ya manja ako? Bwera pafupi uone bwino. Taona!"

Anakweza tsitsi lake pamphumi. Mzime anaima pomwepo, chikwama m'manja, n'kunena kuti, "Pepani, achemwali. Ndalakwa ndine."

"Pepani ndimuika pankhope?"

Apa ndinayankhula. Ndinati uyu ndi mwana wanga, ndipo madzi amene anadwalitsa tonse awiri ndinabweretsa ndine, kuchokera kuntchito kwanga, iye atandiuza kuti saloledwa. Ndinanena mokweza, chifukwa khutu limodzi silikundiuza bwino kukula kwa mawu anga.

Mtsikanayo anatembenukira kwa ine.

"Masiku onsewa mukundipatsa malangizo muli chete? Ndiye poti mwanena, nkhope yanga ibwerera?"

Ndinati dokotala akuti zilonda zipola koma zipsera zitsala. Anatembenukira kukhoma.

Ine ndi Mzime tinatuluka kukakhala pabenchi la pakhonde, pafupi ndi pamene amayanika zofunda. Ndinamufunsa chifukwa chimene ananenera za mpopi.

"Mwatsala ndi chaka chimodzi kuti mupume pa ntchito. Mukufuna muchoke ndi mbiri yoti munadwalitsa anthu ndi madzi a kusukulu?"

"Mbiri imeneyo ndi yoona."

"Ndiye mwakhutira?"

Ndinamufotokozera zimene ananena mayi woyendera, mwadongosolo, kuti mpopi ukapezeka woyera zithera pati. Anamvetsera akuyang'ana zofunda. Kenako ndinafunsa funso limene lakhala likundisowetsa mtendere kuyambira Lachinayi.

"Lamulo unkalidziwa. Unandiuza wekha. Bwanji sunakane?"

Anaseka, kuseka kopanda chimwemwe.

"Kukukanirani inu? Amayi, kunyumba kuja ndani anakutsutsanipo n'kupambana? Adadi anasiya kalekale, amangoti chabwino aphunzitsi. Achimwene anachita kusamuka. Ine ndili ndi miyezi itatu ya sukulu, inu muli ndi mabuku mpaka kudenga. Ndinaganiza kuti mwina mukudziwadi."

Ndinati akanatha kulandira botololo n'kukalitaya ine nditapita.

"Ndikanatha. Koma tsiku limene lija linali loyamba kuti mukwere masitepe a kushopu kwanga. Chitsegulireni simunapondeko. Munafika mukupuma wefuwefu, mutanyamula chinthu cha ntchito yanga, mutalembapo ndi dzanja lanu. Munayang'ana chiphaso pakhoma n'kunena kuti pamalo pano ndi paukhondo. Ndikanalitaya bwanji?"

Wapita osalonjeza kanthu. Botolo sanalitaye, lili m'kabati kuchipinda kwake.

Lachinayi, 14 Malichi

Kutentha 37.0. Kutupa kwayamba kuphwa. Diso likutseguka lokha.

Ndaimbira ahedi a kusukulu kwathu. Ndawapempha kuti atsekere chigubu cha mu labu m'sitolo, asachikhuthule, asachitsuke, mwina a zaumoyo adzachifuna. Afunsa chifukwa. Ndawauza chonse. Anati nkhaniyi iyenera kupita ku bodi ya sukulu, popeza ndinatulutsa katundu wa labu popanda chilolezo. Ndati ipite.

Kwa mayi woyendera sindinaimbe. Nambala yake ili pakabati pompa. Ndaiyang'ana kangapo.

Mayi wa nsapato wati, "Aphunzitsi, paja amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo." Ndamuuza kuti mwambiwo ndikuudziwa. Wati, "Mwaona? Mwayambanso."

Lachisanu, 15 Malichi

Mnzanga wa kumanja anapita ku opaleshoni m'mawa. Amudula zala ziwiri, phazi latsala. Atatsitsimuka, mawu ake oyamba anali akuti ndimuuze mwana wake asagulitse nsapato zofiira zija, ndi saizi yake.

Mtsikana wa ku hotela sakundiyankhula. Namwino atamufunsa za makutu, anayankha kuti akumva bwino, mwinanso kuposa mmene akufunira.

Mzime sanaimbe.

Loweruka, 16 Malichi

Nseru tsiku lonse. Ndadya buledi wouma ndi tiyi. Kapaipi ka diripi akasamutsira ku dzanja lamanzere, mtsempha wa kumanja watupa.

Lamulungu, 17 Malichi

Bambo ake a Mzime akuti mwana sakudya, amangokhala m'chipinda. Dzulo iwo anapita kushopu kukathirira maluwa a pawindo, anapeza wina walemba mawu achipongwe pansi pa pepala la a zaumoyo. Sananene mawuwo.

Ndawapempha kuti akamukumbutse kuti Lachitatu layandikira. Akana.

"Mwana uja akudziwa kuwerenga kalendala. Mwamuuza kamodzi, wamva. Mukamuuza kachiwiri achita chifukwa mwanena ndinu, ngati mmene anachitira ndi botolo. Musiyeni."

Ndinafuna kuwatsutsa. Ndinafufuza mfundo, sindinaipeze. Ndadya nthochi imodzi.

Lolemba, 18 Malichi

Labu yamaliza. Kachilombo ka mwa ine ndi ka mwa mtsikana wa ku hotela ndi kamodzi. Palinso munthu wachitatu, bambo amene anadinditsa dzina la mwana wake pamkono. Iye akulandira mankhwala akuchokera kunyumba. Ena onse amene a zaumoyo anawaitana apezeka ali bwino. Mapiritsi amene ndikumwa ndi oyenera, sasintha. Impso zili bwino. Khutu silinaipireipire, koma dokotala akuti zimene zatayika mwina sizibwerera.

Atatu. Ndalemba nambalayi kuti ndiziiona.

Madzulo dzuwa lisanalowe mtsikana wa ku hotela anabwera pabedi langa akukoka chitsulo cha diripi yake.

"Mwana wanu amulanda chiphaso?"

Ndinati sindikudziwa.

"Ine sindinakhululuke, musaganize choncho. Koma akamutsekera, anzanga onse apita kuseri kwa saluni kuja. Uyu bola anachita kundiimbira foni dzulo. A kuseriwo ukadwala amasintha nambala."

Sindinadziwe kuti Mzime anamuimbira. Ndafunsa zimene anakambirana. Wati, "Zimenezo ndi zathu."

Lachiwiri, 19 Malichi

Mzime wabwera m'mawa, madokotala atangodutsa. Wavala bulauzi yoyera imene amavala kuntchito. Wachokera ku ofesi ya zaumoyo. Wapereka botolo kwa mayi woyendera, kapepala kanga kali pomwepo, ndipo wasintha mawu ake. Zotsatira za mpopi zinali zisanafike. Mayi woyendera sanalonjeze chilichonse. Wangoti alemba kuti mwini malo anabwera yekha, ndipo atumiza anthu kusukulu kukatenga madzi a m'chigubu. Komiti ikhoza kumuimitsa miyezi ingapo n'kumubweza kukaphunzira. Ikhozanso kunena kuti bodza ndi bodza, ngakhale litabwezedwa.

Komitiyo ikufuna kuti nanenso ndikaonekere. Dokotala walola kuti ndituluke maola ochepa, malinga diripi ithe kaye ndipo pamphumi aphimbepo.

Ndinayamba kumuuza Mzime mmene ndakonzera kukafotokoza: kusiyana kwa madzi otchezedwa ndi ophedwa tizilombo, mmene chigubu chilili, ndi kuti iye anakana koma ine ndinamukakamiza. Anakweza dzanja.

"Amayi, tamverani. Mawa mukakhala kumbuyo. Simuyankhula mpaka akufunseni. Akakufunsani, muyankhe chimene afunsacho, musaphunzitse. Ndipo ndikanena kuti kulakwa ndi kwanga, musanditsutse."

"Koma madzi ndinabweretsa ndine."

"Munabweretsa ndinu. Anathira mu inki ndani? Pa chiphaso paja pali dzina langa, si lanu. Chiphaso chimatanthauza kuti m'chipinda chija wokana ndine, kaya wabwera ndi ndani. Ndikakanena kuti amayi anandiuza, ndiye kuti ndawauza kuti sindiyenera kukhala nacho."

Ndaganizira mfundo yakeyo mbali zonse. Ndi yolondola.

Mayi wa nsapato, amene ankaoneka ngati wagona, anati, "Aphunzitsi, mwapeza ahedi anu."

Mzime wayang'ananso nsidze zanga. Akuti inki ina yatuluka ndi mafinya, yakumanzere idzakhala yoduka pakati. Ndafunsa ngati ingadzakonzedwe. Wati zipsera zikadzakhwima, patapita chaka kapena kuposa, ndipo adzaona yekha ngati khungu likulola. "Ngati ndidzakhale ndi chiphaso. Ndipo madzi ndidzagula ndekha."

Kutentha 36.8. Shuga 8. Namwino wavomera kuika diripi m'mamawa, okolopa akangotuluka. Bambo ake a Mzime abweretsa diresi yabuluu ndi nsapato zafulati. Mzime adzanditenga pakhomo la wodi. Ndikakhala mbali yoti khutu lamanzere liloze kutsogolo, chifukwa woyamba kuyankhula ndi iyeyo.